Mankhwala Amene Duwa Analonjeza

Ku Lirangwe anthu amamuitana kuti adokotala, ngakhale Duwa Nampuluma sanabayepo munthu jakisoni chibadwire. Dzinali linayamba chaka chimene anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba kukaphunzira kemisitiri. Amayi ake, a Nellie, sankasiyanitsa zimenezi. Kwa iwo mwana amene akuphunzira za mankhwala ndi dokotala basi. Poyamba Duwa ankawakonza, kenako anatopa, ndipo kunena zoona dzinalo linkamukomera.

Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 6. Amene anamulera kwenikweni ndi mchimwene wake Ezra, wamkulu kwa iye ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ezra anasiyira sukulu Fomu 2, nkupeza ntchito pa kampani ina yokweza ndi kutsitsa katundu wa m'ndege ku Chileka. Anali chimunthu chachitali, cha mapewa otambalala, choseka ndi thupi lonse. Anakwatira Connie, mayi wogulitsa zitenje, ndipo anali ndi ana awiri aakazi m'nyumba ya lendi chakufupi ndi msika. Yunifomu ya Duwa, nsapato, makope, zonse zinkachokera m'nyumba imeneyo. Tsiku lopita ku Zomba, Ezra ndiye anasenza sutikesi yake mpaka pa siteji, akuuza aliyense wokumana naye kuti mlongo wake akukaphunzira za mankhwala.

Matenda a Ezra anayamba mu 2021, masana dzuwa lili paliwombo, akukankha ngolo ya masutikesi. Panalibe chimene chinachitika. Anangomva mtima ukugunda ngati ukufuna kutuluka, thukuta lili kamukamu, zala zachita dzanzi, mpweya ukukana kulowa. Anakhala pansi pa simenti yotentha nkuwauza anzake kuti akufa. Kuchipatala anamuyeza magazi, shuga, malungo, kuthamanga kwa mtima, osapeza kanthu. Patatha sabata ziwiri zinabweranso mu minibasi pa Kameza, mpaka anatsika nkuyenda wapansi ulendo wonse. Kutchalitchi anayamba kukhala benchi ya pakhomo. A Nellie anabwera ndi amayi a mapemphero, amalume ena ananong'oneza zoti kuntchitoko alipo wina wamukonzera. Ezra ankangomvera onsewo, akuonda.

Nthawi imeneyo Duwa anali atayamba digiri yachiwiri. Mphunzitsi wake, a Dokotala Hakimu, anamuyalira mitu ingapo ya kafukufuku kuti asankhe. Maso ake anagwera pa umodzi: kusefa pa kompyuta mankhwala opangidwa m'malabu, kufuna kuona ngati alipo amene angadzathandize anthu odwala nkhawa. Sanaganize kawiri. Ntchitoyi sinkafuna labu, inkafuna laputopu, magetsi ndi netiweki, choncho anasamukira kwa achimwene ake ku Chileka, nkuika katebulo pakona ya pabalaza.

A Nellie atabwera kudzacheza, anamupeza atayang'ana chinthu chopiringizika cha mitundumitundu chikuzungulira pa galasi la laputopu.

"Nanga chimenecho nchiyani, changati matumbo a nkhuku?"

"Nchithunzi cha kanthu kena kam'bongo, amayi. Mankhwala akalowa m'thupi amakakhala pamenepa, munthu nkumva mtima kukhala pansi."

"Ndiye mankhwalawo ali kuti?"

"Ali momwemu. Alipo zikwi zinayi ndi mazana awiri. Asayansi akunja anawapanga, nkulemba kaonekedwe kake. Mukudziwa mmene timachitira pa kaunjika wa nsapato? Umatenga iyi kuyesa, yathina, kutaya. Iyi yakhwepa, kutaya. Kompyutayi ikuyesa mankhwala onsewa limodzilimodzi pa kanthu aka, nkumandiuza amene akukwana bwino."

A Nellie anagwedeza mutu nkutembenukira kwa Ezra, amene anali chogona pa mpando. "Wamva? Mlongo wako akukusakira mankhwala."

Duwa sanawatsutse. Akanatha kunena kuti chimene kompyuta ikuyesa nchithunzi chabe, ndipo kuti kukwana pa chithunzi sikutanthauza kuti mankhwalawo angagwire ntchito m'thupi la munthu. Koma Ezra anamwetulira koyamba m'masabata ambiri, ndipo iye anangozisiya choncho.

Ntchitoyo inkayenda pang'onopang'ono. Laputopu inali yakale, inkatentha mpaka ankaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izipita pansi. Magetsi akazima pakati, zonse zinkayambiranso. Podikira, Duwa ankawerenga zimene ofufuza anzake analemba m'maiko ena, ndipo pafupifupi aliyense ankayamba chimodzimodzi: mankhwala a nkhawa amene alipo ali ndi vuto, amagonetsa, amaiwalitsa, thupi limawazolowera mpaka munthu kulephera kusiya, nchifukwa chake tikufuna atsopano. Mawu amenewa anawawerenga kambirimbiri, ndipo iyenso anawalemba pa tsamba loyamba la kafukufuku wake.

Loweruka lina m'mwezi wa Febuluwale 2022, Ezra anabwera kuchokera kuchipatala nkhope itamasuka. Anakumana ndi a Modesta, amene amaona odwala matenda a maganizo. Anamufunsa mafunso kwa nthawi yaitali, nkumuuza kuti mtima wake ulibe vuto, kuti zimene akumva ndi matenda odziwika, ndipo anthu ambiri amapeza bwino. Anatulutsa m'thumba timapepala tiwiri ta mapiritsi nkutiika pa katebulo ka Duwa pamodzi ndi buku lake la kuchipatala.

"Tandionere izi, adokotala."

Duwa ananyamula kapepala koyamba. Dzina lolembedwapo analidziwa nthawi yomweyo, linali lomwelija lodzudzulidwa m'zolemba zonse.

"Achimwene, akupatsani awa? Mwamwako kale?"

"Ayi, amati ndiyambe lero."

"Musayerekeze. Awatu mukayamba simudzasiya. Muzingoyenda ngati munthu woledzera, ndiye pa ntchito yanu ija ya pafupi ndi ndege mudzapweteka."

Connie anali pakhomo akupeta mpunga. Analowetsa mutu. "Alamu, koma amene awapatsawo si achipatala? Bwanji angoyesa kaye?"

"Achipatala amangopereka zimene zili m'kabati, alamu. Ineyo ndi zimene ndikuphunzira tsiku ndi tsiku."

"Nanga enawa?" anafunsa Ezra, akuloza kapepala kachiwiri.

Duwa anangokaponyera diso. Dzina lake sanali kulidziwa bwino, koma sanafune kuoneka wosadziwa pamaso pa mlamu wake. "Ndi amodzimodzi onsewa. Dikirani pang'ono, achimwene. Zanga zatsala pang'ono kutuluka."

Ezra anatenga timapepala tija, nkutiika m'buku lake la kuchipatala, nkuponya pamwamba pa wadiropu. Kwa a Modesta sanabwererenso.

Zotsatira zinatuluka mu Meyi. Pa mankhwala zikwi zinayi aja, makumi atatu anakwana bwino pa chithunzi chija. Atawasefanso ndi pulogalamu ina yoona ngati angafike mu ubongo komanso ngati sangaononge chiwindi, anatsala atatu. Analibe ndi maina omwe, anali ndi manambala chabe. Duwa anakwera minibasi ya ku Zomba mtima uli m'mwamba. A Dokotala Hakimu anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, nkumuyamikira kuti wagwira ntchito yaukhondo.

"Ndiye tingawapeze bwanji kuti munthu ayese?" anafunsa Duwa.

Iwo anavula magalasi. "Munthu? A Nampuluma, apa tangotsegula chitseko. Pafunika wina awapange kaye mokwanira, ayese pa tizidutswa ta nyama mu labu, kenako pa makoswe, kenako aone mlingo umene sungaphe. Mpaka kufika kwa munthu ndi zaka khumi, mwina khumi ndi zisanu. Ndipo ambiri amene amaoneka bwino pa kompyuta amagwera m'njira. Kunonso labu yochitira zimenezo tilibe. Izitu mumazidziwa."

Ankazidziwadi. Zinali m'mabuku amene anawerenga, mwinanso anayankhapo pa mayeso. Kungoti anali asanaziike pamodzi ndi nkhope ya Ezra.

Apa ndi pamene pali cholakwa chimene Duwa amalephera kudzikhululukira. Za tsiku la mapiritsi lija angathe kunena kuti unali ubwana ndi kudzimva. Koma pobwerera ku Chileka tsiku limenelo ankadziwa bwino lomwe kuti mankhwala ake sadzafika m'kamwa mwa mchimwene wake. Anatsika minibasi atakonzeka kuwauza achimwene akewo kuti abwerere kuchipatala. Anawapeza pakhonde akupukuta nsapato za kuntchito.

"Zayenda bwanji ku Zomba?"

"Zayenda bwino. Apezeka atatu."

"Atatu! Connie, wamva? Ndiye afika liti?"

"Akuti pali zina zoti zichitike kaye."

"Palibe kanthu, tidikira. Takhala tikudikira kale."

Duwa ananena mumtima kuti adzawauza mawa. Mawa lake Connie anali pakhomo tsiku lonse, ndipo Duwa sanafune kuvomera pamaso pake kuti mlamuyo ndiye ankanena zoona. Sabata yotsatira anali wotanganidwa ndi kulemba. Mwezi wa Julaye anapeza ntchito yophunzitsa pa sekondale ina m'tauni, nkusamukira ku Chirimba. Akaimba foni ankafunsa za ana, za mvula, za amayi. Ezra naye anasiya kufunsa za mankhwala aja.

Kuntchito Ezra anayamba kujomba. Ankadzuka, kuvala yunifomu, kufika pa geti, nkubwerera. Tsiku lina mu Okotobala, ndege itangotera, zinamugwira ali pansi pa phiko. Anasiya ngolo pomwepo nkuthawira m'chimbudzi, kudzitsekera. Akuluakulu ake anamupirira kangapo, anamupatsa tchuthi, koma pomaliza anamuuza kuti malo amene aja safuna munthu wosadziwika kuti agwa liti. Anakhala m'nyumba miyezi inayi makatani ali otseka. Connie ankapita kumsika yekha, kusukulu kwa ana yekha, kumaliro yekha. Sanali mkazi woipa mtima. Anangotopa, ndipo mwamuna amene ankaseka uja anasanduka wokalipa pa chilichonse, ngakhale mwana akagwetsa supuni. Chakumayambiriro kwa 2023 anatenga ana nkupita kwawo ku Lunzu. Ankhoswe anakhalapo kawiri, osaphula kanthu. Ezra analongedza nkubwerera ku Lirangwe kwa amayi ake.

Chaka chomwecho kafukufuku wa Duwa anatuluka m'magazini ina ya asayansi, dzina lake lili patsogolo. Pa mwambo wolandira digiri anabwera a Nellie ndi amalume. Ezra anatumiza uthenga pa foni: "Wandinyaditsa. Ndikanabwera koma kuli anthu ambiri."

Pa tchuthi cha Khirisimasi Duwa anapita kumudzi. A Nellie anamupempha kuti awathandize kusanja katundu wa Ezra, amene anali akadali m'matumba chifikire, chifukwa chiswe chinali chitayamba. M'thumba lina anapeza buku la kuchipatala lija, timapepala tiwiri tili momwemo, mapiritsi atayamba kufumbutuka. Anakhala pa mphasa nkuliwerenga koyamba. Dzanja la a Modesta linali looneka bwino. Mapiritsi oyamba aja, amene iye anawaopa, anali a masiku asanu ndi awiri okha, ongomuthandiza kudutsa masiku oyambirira. Achiwiri aja anali a mtundu wina, omwa kamodzi pa tsiku, osagonetsa munthu motero, ochedwa kuyamba kugwira ntchito koma odalirika. Pansi pake panali tsiku loti abwerenso pakatha sabata ziwiri, kuti akayambe kuphunzira njira zopumira ndi zolimbana ndi mantha akamabwera. Zonsezi zinali pa tsamba limodzi, ndipo tsiku lija bukulo linali pa tebulo lake, pafupi ndi dzanja lake.

Chaka chatsopano chitangolowa anapita yekha kukaonana ndi a Modesta. Anali mayi wachikulire, wolankhula mosathamanga. Duwa anafotokoza zonse osabisa. Iwo anatsegula bukulo, kuyang'ana tsiku.

"Bambo wamtali uja wa ku eyapoti? Ndikumukumbuka. Ndinadabwa kuti sanabwerenso, chifukwa anaoneka womasuka." Anatseka bukulo. "Zoti mapiritsi amenewa amazolowereka simunaname, mwanawe. Nchifukwa chake ndinalemba masiku ochepa. Mukanangobwera kudzandifunsa. Koma zapita zimenezo. Mubwere naye."

Kumutulutsa Ezra pakhomo inali ntchito. Minibasi anakaniratu. Duwa anapeza kabaza ziwiri za njinga zamoto, ndipo anadzera njira zafumbi, kuima katatu kuti apume. Ulendo wachiwiri anaima kamodzi. Mwezi woyamba Ezra sanaone kusintha, ndipo ankafuna kusiya, koma Duwa ankabwera Lachisanu lililonse akaweruka. Pofika mwezi wa Epulo Ezra anapita yekha kumsika wa Lirangwe kukagula mchere ndi sopo. Mu Juni analowa m'tchalitchi nkukhala pakati. Mantha aja sanatheretu, amabwerabe mwa apo ndi apo, koma tsopano amadziwa kuti si imfa, amakhala pansi nkuwerenga mpweya wake mpaka adutse.

Zinatenga miyezi itatu yokha. Duwa amawerengera zimenezi kawirikawiri. Ezra akanayamba mu Febuluwale muja, pofika Meyi akanakhala akupeza bwino, ntchito ili m'manja, Connie ndi ana ali pakhomo. Pamene ankachira nkuti malo ake kuntchito atalowa wina kalekale, ndipo ukwati utatha mwa dongosolo. Connie ali ndi kashopu kake ku Lunzu. Akakumana ndi Duwa amapatsana moni mwaulemu, kufunsana za kunyumba, basi. Sanamukumbutsepo za tsiku lija ngakhale kamodzi, ndipo Duwa amaona kuti bola akanamutukwana.

Mankhwala atatu aja akadali manambala mu laputopu. Palibe amene anawapanga mokwanira kapena kuwayesa. Ofufuza awiri akunja anatchulapo kafukufukuyo m'zolemba zawo, ndipo a Dokotala Hakimu amamulimbikitsa kuti apitirize maphunziro, akuti ntchitoyo inali yabwino ndipo mankhwala onse amayambira pa sitepe ngati imeneyo. Duwa sakana zimenezo. Ntchitoyo sinalakwe. Koma mafomu amene anamutumizira sanawalembe mpaka lero.

Kupepesa kunamutengera nthawi. Anapepesa mu Ogasiti 2024, ali awiriwiri ndi Ezra m'munda akuthyola nandolo wouma. Kunali kamphepo, makoko akulira m'dengu.

"Achimwene, pali nkhani imene ndakhala ndikuisunga."

"Nena."

"Mapiritsi aja ndinakuletsani ndine. Buku lanu sindinaliwerenge nkomwe. Ndipo pochokera ku Zomba paja ndinkadziwa kuti mankhwala anga sadzafika, koma ndinakhala chete. Ntchito yanu, banja lanu, ndinaononga ndine. Mundikhululukire."

Ezra anapitiriza kuthyola. Anamaliza nthambi yonse asanayankhe.

"Ukuganiza kuti ndinasiya chifukwa cha iwe?"

"Nanga chifukwa cha ndani?"

"Tsiku lija potuluka m'chipinda cha a Modesta ndinakumana ndi mnzanga wa kuntchito, atabwera ndi mkazi wake ku sikelo. Anaona chitseko chimene ndatulukira. Anandifunsa moseka kuti, kodi aise wayamba misala? Ndinabwera kunyumba ndikusakasaka chifukwa choti ndisabwererekonso. Iwe unangondipatsa chifukwacho."

"Koma munabwera mukusangalala. Ndinakuonani."

"Mwina. Ndi kale."

Duwa sanadziwe ngati akunena zoona kapena akungomupeputsira katundu, monga ankachitira kuyambira ali mwana. Anamuyang'ana kumaso, koma Ezra anali atawerama kale pa mtengo wina.

"Chimene chimandipweteka ine si ntchito ayi," anatero Ezra. "Ndi Tinenenji. Mwana wanga wamkulu uja. Anabwera pa holide, ndiye ndikamuitana amadzidzimuka. Amandikumbuka ndili wokalipa. Wamng'onoyo sakumbuka kanthu, koma uyu anaona zonse." Anaponya makoko m'dengu. "Iweyo umatha kulankhula ndi ana asukulu. Udzamufotokozere kuti anali matenda. Ine ndikayamba, mawu amandithawa."

"Ndidzamufotokozera."

"Osati zomangoti mawa, mawa. Upite ndithu."

Duwa anapita ku Lunzu Loweruka lotsatira. Connie anawapatsa mpando ndi benchi kuseri kwa shopu, iye nkubwerera kukagulitsa. Tinenenji, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, anamvetsera mutu uli pansi, akukanda utoto wa pa benchi ndi chikhadabo. Duwa anafotokoza za matendawo mosavuta mmene akanathera, za mtima wogunda ndi mantha obwera popanda chifukwa, ndi kuti bambo ake tsopano akulandira thandizo. Atamaliza, mtsikanayo anadzutsa mutu.

"Anti, ngati mankhwala analipo, bwanji sanamwe kalekale tisanachoke?"

Duwa anayang'ana kumsewu, kumene malole a simenti ankadutsa kulowera ku Zalewa. Kenako anasendeza mpando wake pafupi ndi mwanayo, nkuyamba kumuuza za Loweruka lija, kuyambira pamene bambo ake anaika timapepala tiwiri pa tebulo.